Warfarin ndi wotchipa, koma popanda kuyeza magazi akhoza kukupwetekani

Amene anakwerapo basi yochokera ku Joni kudzera ku Zimbabwe ndi Tete amadziwa momwe miyendo imatupira munthu akamatsika pa Liwonde. Nthawi zambiri kutupako kumatha kokha. Koma ngati watupa mwendo umodzi wokha, ukupweteka pakatumba komanso ukutentha, mwina magazi aundana mumtsempha. Kachibuluma ka magazi koteroko kakathothoka n'kukatseka mtsempha wa m'mapapo, munthu amabanika mwadzidzidzi ndipo akhoza kufa tsiku lomwelo.

Si apaulendo okha. Amayi oyembekezera ndi amene angobereka kumene, makamaka mwa opaleshoni, odwala amene agona pabedi nthawi yaitali, a khansa, a TB ndi a HIV, onsewa magazi awo amaundana msanga.

Munthu akafika ndi vutoli pa chipatala ngati cha boma cha Machinga, chomwe chili pa Liwonde, kapena cha Balaka, chithandizo chodziwika chimayamba ndi jakisoni wa heparin, kenaka mapilitsi a warfarin kwa miyezi yosachepera itatu. Anthu amati "mankhwala osungunula magazi", koma kwenikweni sasungunula. Amachedwetsa kuundana kuti chibulumacho chisakule, thupi n'kumachiphwanya lokha.

Warfarin ndi wakale. Anayamba ngati mankhwala ophera makoswe mu 1948 ndipo analoledwa kwa anthu mu 1954. Vuto lake ndi mlingo: ukachepa magazi amaundananso, ukachuluka munthu amataya magazi, ngakhale muubongo. Mlingo woyenera sudziwika poyang'ana nkhope. Pamafunika kuyeza magazi kotchedwa INR, ndipo kwa odwala ambiri nambala yake iyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Poyamba munthu amayezedwa pafupipafupi, zikakhazikika pafupifupi kamodzi pamwezi. Apa ndi pomwe pali nkhani, chifukwa kuyezaku sikuchitika pa chipatala chaching'ono chilichonse. Kwa wodwala wa ku Nayuchi kapena ku Phalula, mtengo weniweni wa warfarin ndi thiransipoti.

Ndiye pali mankhwala ena amene ambirife timamwa. Bactrim, yemwe amaperekedwa kwa anthu ambiri amene ali pa ma ARV, amawonjezera mphamvu ya warfarin. Rifampicin, wa mumankhwala a TB, amaichepetsa kwambiri. Aspirin, brufen ndi indocid, omwe timangogula pagolosale mutu ukawawa, amachulukitsa chiopsezo chotaya magazi. Choncho onetsani buku lanu la kuchipatala paliponse pomwe mukulandira mankhwala, ndipo musabise za zitsamba.

Za ndiwo zamasamba musachite nazo mantha. N'zoona kuti bonongwe, mpiru, nkhwani ndi chigwada zili ndi vitamini K, yemwe amafooketsa warfarin, koma yankho si kuzisiya. Idyani monga mwa masiku onse. Chosafunika ndi kusintha kadyedwe mwadzidzidzi. Amayi amene akufuna kutenga pakati auze dokotala msanga, popeza warfarin amatha kupundula mwana m'mimba.

Alipo mankhwala atsopano, monga rivaroxaban ndi apixaban, osafuna INR. Bungwe la WHO linaika gulu limeneli pamndandanda wa mankhwala ofunika mu 2019. Komabe ndi odula, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mankhwala ochokera kunja afika posagulika kwa ambiri. Sagwiranso kwa aliyense: kafukufuku wa INVICTUS wa 2022 anapeza kuti kwa odwala mtima wa rheumatic amene mtima wawo ukugunda mosalongosoka, warfarin anapulumutsa miyoyo yambiri kuposa rivaroxaban. Matenda amenewa, omwe amayamba ndi zilonda zapakhosi paubwana, alipo ndithu kwathu kuno.

Kunena zoona, warfarin tikhala naye kwa nthawi. N'chifukwa chake ndikuona kuti ndalama zikanapita kaye ku timakina toyezera INR pachala m'zipatala za m'maboma. Ku Neno, ndondomeko ya PEN-Plus yaonetsa kuti matenda aakulu a mtima angathe kusamalidwa pa chipatala cha boma osadikira ulendo wa ku Queen Elizabeth.

Pakadali pano, musanatuluke ndi warfarin m'manja, funsani tsiku ndi malo oyezera INR. Mukaona magazi m'nkhama kapena mumkodzo, chimbudzi chakuda bii, kamfuno kosaleka, kapena mutu wopweteka modabwitsa, musadikire tsiku la kiliniki.