Mwala Uli ndi Mwini, Mwini Ali ndi Dzina

Pali khalidwe loipa limene lazika mizu pakati pathu, makamaka ife odzitcha ophunzira. Luso la munthu wakuda timalikonda, koma mwini lusoyo sitimulabadira. Chosema chake timachikhazika m'chipinda chochezera, nyimbo yake timaivina paukwati, koma atatifunsa kuti anapanga zimenezi ndani, tingangoti kukamwa yasa. Mmisiri woima payekha alibe kampani, boma kapena mpingo womugwira dzanja. Chuma chake chonse ndi dzina lake, ndipo kumulanda dzinalo n'kulanda ana ake nsima. Kutamanda luso popanda kutchula mwini wake ndi umbava, ngakhale wochitayo atavala suti.

Taonani zimene zidachitika ku Zimbabwe, panthawi imene dzikolo linkatchedwa Rhodesia. M'chaka cha 1966, pafupi ndi Guruve, mlimi wa fodya Tom Blomefield adaona malonda akulowa pansi chifukwa maiko adali atanyanyala katundu wa boma la Ian Smith. Wosema wina, a Crispen Chakanyuka, adamuonetsa mwala wosemeka wa serpentine umene udali m'deralo, ndipo antchito a m'fodya adatula makasu n'kuyamba kusema. Umu ndi mmene udabadwira mudzi wa osema wa Tengenenge. Ambiri mwa antchitowo adali matchona: Achewa ndi Ayao ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, kuphatikizapo ena a ku Angola. Pakati pawo padali a Lemon Moses, a Amali Malola ndi a Fanizani Akuda. A Akuda adali Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932, ndipo nkhope zimene ankasema, za maso otsinzina ndi milomo yoimba likhweru, zidafika mpaka ku Ulaya iwo asanamwalire mu 2011.

Nanga dziko lidazitcha chiyani ntchito zawo? Lidati ndi "zosema za Ashona". Dzinali lidafala kudzera mwa Frank McEwen, mkulu woyamba wa nyumba yoonetseramo zaluso mumzinda wa Salisbury, umene lero ndi Harare, yemwe mu 1971 adakaonetsa zosema za m'dzikomo ku Musée Rodin mu Paris. Sindikulimbana ndi Ashona ayi. A Henry Munyaradzi ndi a Bernard Matemera adali akatswiri oti n'kuwavulira chipewa. Ndikulimbana ndi ulesi wa wogula ndi wolemba. Mzungu akajambula, timamutchula dzina: Picasso, Rodin. Wakuda akasema, timatchula mtundu wake, ndipo nthawi zina mtunduwo n'kukhala wolakwika. Mchewa amene maso ake adakula akuona nyau m'bwalo amasanduka Mshona pa pepala la wamalonda, chifukwa dzina limodzi siliwavuta ogula a kunja.

Chinenero chathu nachonso chimatiulula. Tikati "ziboliboli" kapena "zosemasema", timaunjika pamodzi ntchito ya miyezi itatu ndi kanjovu kosemedwa m'mawa umodzi. Liwu lotere silifuna mwini; limafuna mulu, ngati tomato pamsika. Ndipo chimene chagulitsidwa pamulu chimanenereredwa mtengo mpaka wogulitsa atagwa mphwayi.

Ena adzati ndilibe kuthokoza, poti popanda Blomefield ndi McEwen anthuwa akadafera m'zigafa za fodya. N'zoona kuti awiriwa adatsekula khomo, ndipo mbiri isawaiwale. Koma wotsekula khomo si amene wasema mwala. Ngati pokamba za luso la anthu akuda dzina la wowayang'anira ndilo limabwera msanga pakamwa pathu kuposa la wosema, ndiye kuti mbiriyo tidaiphunzira chadodolido. Enanso adzati luso la makolo athu lidali la mudzi wonse, losafuna dzina. Ameneyo akafunse kumudzi kwawo. Mmisiri wa mitondo, woumba mbiya zosachucha ndi wong'amba ng'oma yomveka kutsidya kwa dambo, onsewa ankadziwika maina, ndipo ankalandira nkhuku kapena dengu la chimanga.

Zimene zimachitika mwini luso akaiwalika zidaonekera pa a Solomon Linda a ku South Africa. Mu 1939 adajambulitsa nyimbo ya Mbube ku kampani ya Gallo mu Johannesburg, ndipo umwini wake adaugulitsa ndi mashereni khumi. Nyimboyo idaoloka nyanja, mu 1961 idatchuka ku America ndi dzina loti The Lion Sleeps Tonight, kenako idamveka mufilimu ya The Lion King ya 1994. A Linda adamwalira ali mphawi mu 1962. Banja lawo lidadikira mpaka 2006, mlandu utapita kukhoti, kuti pakhale pangano lolilipira. Zaka 44 mwini ali m'manda!

Tsono tisamathamangire kuloza chala kutsidya kwa nyanja. Ndi ife amene timakopera nyimbo za woimba wa kwathu mufoni kwaulere, n'kudzakhuthula mawu okoma pa maliro ake. Ndi ife amene timalipira osadandaula mu sitolo yaikulu, koma pamaso pa wosema wa m'mbali mwa msewu timasanduka akatswiri onenerera. Ku Malawi kuli bungwe la COSOMA kuyambira mu 1992, ndipo lamulo loteteza umwini wa luso lidakonzedwanso mu 2016. Koma lamulo siligula chithunzi; amagula ndi munthu.

Pempho langa n'losavuta. Mukagula chosema, funsani dzina la wosema, mulilembe, ndipo mlendo akachiyamikira mumuuze. Lipirani mtengo umene mwini wanena. Masukulu a ukachenjede ndi mabanki athu agule ntchito za amisiri amoyo m'malo mokongoletsa makoma ndi makalendala. Ife olemba m'zinenero za mu Africa tilembe za amisiriwa mmodzimmodzi, kuyamikira pofunika kuyamikira ndi kudzudzula pofunika kudzudzula, pakuti ulemu weniweni kwa katswiri ndiwo kuiunika ntchito yake mosanyengerera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mmisiri amene ali moyo lero, amene akusema pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, ndiye woyenera kumva kuwomba kwa m'manja mwathu makutu ake akadali otseguka.