Reji yanu ili pa makompyuta angati?

Kuti mugule SIM card ku Petauke kapena ku Nyimba, mufunika kuonetsa reji. Si lamulo la dzulo iyai. ZICTA inalamula kuti nambala iliyonse ilembetsedwe, ndipo mu 2014 ma SIM osalembetsa anatsekedwa. Kucokera apo, dzina lanu na nambala ya NRC zili pa makompyuta a MTN, Airtel kapena Zamtel. Funso manje ni lakuti, kodi makampani amenewa azigawana zimene tinawapatsa?

Ine niti azigawana, koma pang'ono cabe.

Cifukwa cake ni akawalala. Tonse tinalandilako meseji ija yakuti ndalama ija tumizani pa nambala iyi. Munthu wotele akamutsekela SIM pa netiweki imodzi, mawa agula ina pa netiweki ina na reji imodzimodzi. Makampani akamauzana kuti NRC iyi inagwidwa pa zakuba, njila imeneyo itsekeka. Ndalama zimadumpha kale kucoka ku Airtel Money kupita ku MTN MoMo. Ngati ndalama ziwoloka, cenjezo nalo liziwoloka.

Koma vuto lili apa. Nambala yambili imene kawalala aseŵenzetsa siili pa dzina lake. Ili pa reji ya munthu wina, mwina mayi wogulitsa nthoci pa Great East Road ku Nyimba, amene citupa cake cinajambulidwa pa kabooth n'kutsala mu foni ya eni ake. Makampani onse akamutseka nthawi imodzi, mayi ameneyu sadzalandilanso ndalama zocokela kwa ana ake ku Lusaka. Mlimi amene ayembekezela meseji ya feteleza wa FISP nayenso angatsale m'madzi. Colakwa cimene cinali pa kompyuta imodzi cikhala pa makompyuta onse, ndipo kucikonza ni ulendo wa ku boma, transport yolipila wekha.

Conco agawane yankho lokha: NRC iyi ili bwino, kapena ili na mlandu. Cithunzi ca nkhope, mudzi, mfumu, na amene timaimbila foni, zimenezo zikhale kumene tinazisiya. Asanatseke munthu, ayambe amuuza na kumupatsa mpata woyankha. Ndipo aliyense azikwanitsa kuona ma SIM onse amene ali pa reji yake, pa maneti onse, kwaulele.

Si kupempha cifundo. Data Protection Act ya 2021 ipatsa munthu ufulu wodziŵa zimene kampani isunga zokhudza iye, komanso wouza kuti akonze zolakwika.

Ise acinyamata ndise timagwila mafoni a makolo, ndipo ambili a ise ndise tili m'mabooth. Ngati muli agent, musasunge zithunzi za mareji a anthu. Ngati muli kasitomala, musalembetsele mnzanu SIM pa dzina lanu, olo akhale wa pamtima bwanji. Apolisi akabwela, adzafunsa dzina limene lili pa kompyuta.