Banki yakula, nanga ife?

First Merchant Bank idayamba mu 1995 ku Blantyre. Lero ndi First Capital Bank, ndipo yafika ku Zambia, Botswana, Mozambique ndi Zimbabwe, komwe idatenga Barclays mu 2017. Nzonyaditsa, eya. Koma phindu lake akudya ndani? Ena mwa iwo ndi omwe adagula masheya bankiyi italowa pa Malawi Stock Exchange mu 2006.

Ife achinyamata a ku Kawale, Biwi kaya Chinsapo, ndalama zathu zimathera kubetcha mpira ndi ku Bwandilo, Area 47, Lachisanu usiku. Timati masheya ndi a mabwana okha. Bodza limenelo. Pitani kwa ogulitsa masheya mukafunse, muyambe ndi kangachepe. Inde, mitengo imatsika nthawi zina, koma botolo la mowa lidabwezapo kanthu?