Khanda likabanika thamangirani kuchipatala

Akonzi,

Ndiloleni ndichenjezeko makolo anzanga. Mdzukulu wanga adabadwa ndi vuto la mtima ndipo amamwa propranolol. Usiku wina adayamba kubanika, m'chifuwa mukulira. Abale adati walodzedwa, ena adati titaye mankhwalawo. Ife tidathamangira naye ku Kamuzu Central. Adokotala adati mankhwalawa nthawi zina amachepetsa njira za mpweya m'mapapo, koma kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsanso kumtima. Woyenera kusintha ndi dokotala yekha. Adamuthandiza, lero akukwawa.

Inu abusa ndi ansembe, mayi akabwera ndi khanda lobanika, pempherani naye muli panjira ya ku Namitete, Kabudula kapena chipatala chapafupi. Asaiwale botolo la mankhwala ndi buku la kusikelo. Safunsa adadya phula.

Agogo Odandaula,
Njewa, Lilongwe.