Kachizindikiro ka pa DNA komwe kangateteze chinangwa

Kwa zaka zambiri alimi a kanjedza wa mafuta m'dziko la Malaysia ankadandaula kuti mbande zina zochulukitsidwa m'labotale zinkabereka zipatso zopunduka, za mafuta ochepa, ngakhale zinachokera ku mitengo yobereka bwino. Mu 2015 ofufuza a Malaysian Palm Oil Board ndi anzawo anapeza gwero lake: kachigawo ka DNA kotchedwa Karma kanataya zizindikiro za methyl.

Methyl ndi kachinthu komwe selo limamata pa cytosine, chimodzi mwa zilembo zinayi za DNA. Sikasintha zolembedwazo, koma nthawi zambiri kamachititsa kuti gawolo lisawerengedwe.

Funso lomwe lasautsa akatswiri ndi loti selo limadziwa bwanji malo oyamba kumatapo. Mu 1994 gulu la Michael Wassenegger ku Germany linaona m'fodya kuti RNA ndiyo imalozera malowo. Kafukufuku wotsatira pa kachomera ka Arabidopsis anaonetsa kuti tizidutswa ta RNA ta zilembo 24 timatsogolera enzyme ya DRM2 kukaika chizindikiro chatsopano, pomwe MET1 ndi CMT3 zimachisunga selo likamagawika.

Kudziwa izi kwatsegula njira yotsekera jini popanda kuidula. Mu 2023 ofufuza a Donald Danforth Plant Science Center ndi a yunivesite ya California ku Los Angeles anachita zimenezi pa chinangwa. Bakiteriya woumitsa masamba a chinangwa amadzutsa jini ya MeSWEET10a, yomwe imatulutsa shuga m'maselo. Ofufuzawo atamata methyl pamalo omwe bakiteriyayo amagwira, zizindikiro za matendawa zinachepa.

Kwa anthu a ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota, omwe amadalira kondowole, iyi ndi nkhani yoyenera kuitsatira. Komabe chimwemwe chisafulumire. Chinangwa cha kafukufukuyu chinaikidwa jini yachilendo yomatira chizindikirocho, choncho chikadali m'gulu la mbewu za GMO, zomwe zili ndi malamulo ake.

Chinanso n'chakuti chinangwa chimabzalidwa ndi zodula za tsinde chaka ndi chaka, ndipo phunziro la ku Malaysia n'loti chizindikiro chikhoza kufufutika mbewu ikamachulukitsidwa. Phindu kwa mlimi lidzaoneka pokhapokha chizindikirocho chikapirira m'munda kwa nyengo zingapo, ndipo n'chifukwa chake kumvetsa momwe selo lamoyo limachiikira ndi kuchisungira kuli maziko a ntchito yonseyi.