CHENJEZO: Database ikakana deta yanu, musaikakamize

Kwa nonse osunga kaundula pa kompyuta m'masukulu, m'zipatala, m'mabungwe ndi m'mashopu:

Mukamalowetsa deta ya mu Excel kapena ya fayilo ya CSV mu database, n'kutuluka uthenga wa 1062 mu MySQL, 23505 mu PostgreSQL, 2627 mu SQL Server kapena ORA-00001 mu Oracle, imani kaye. Uthengawu ukutanthauza kuti nambala yomwe iyenera kukhala ya munthu mmodzi kapena katundu mmodzi yapezeka kawiri, ndipo database yakana pofuna kuteteza kaundula wanu.

Kawirikawiri vutoli limayambira mu Excel momwemo. Pulogalamuyi imachotsa ziro wa kumayambiriro, motero 00125 ndi 125 zimasanduka nambala imodzi. Imasunganso molondola manambala 15 oyambirira okha, otsatirawo n'kukhala ziro, choncho makhadi awiri a manambala 16 osiyana kumapeto kokha amatuluka ofanana. Nayo MySQL nthawi zambiri siisiyanitsa AB12 ndi ab12. Pena wina walowetsa fayilo yomweyo kachiwiri chifukwa magetsi anathima ntchito ili mkati.

Choopsa kwambiri ndi njira zachidule. Mu MySQL, INSERT IGNORE imataya mwakachetechete mizere yonse yobwerezeka, pomwe REPLACE imafufuta mzere wakale n'kuikapo watsopano. Ngati anali anthu awiri osiyana, mmodzi wasowa m'kaundula, ndipo mudzazidziwa tsiku lomwe adzabwere kudzafunsa malipiro ake kapena zotsatira za mayeso.

Musanalowetse chilichonse, chitani izi:

1. Sungani kope la database yonse.
2. Mu Excel, ikani danga la manambala ozindikiritsa pa Text musanalembemo. Ziro akachoka sabwerera yekha.
3. Chotsani mipata yobisika ndi TRIM, kenako fufuzani zobwerezeka ndi COUNTIF.
4. Thirani deta m'tebulo loyeserera kaye, muiyerekeze ndi zomwe zilimo kale.
5. Lowetsani zonse mu transaction imodzi kuti zikavuta zibwerere mmene zinalili.
6. Mu PostgreSQL, ngati munabweretsa manambala anuanu, konzani sequence ndi setval, apo ayi mzere watsopano udzakanidwanso.

Pomaliza werengani mizere ya mu fayilo ndi yomwe yalowa. Ikasiyana, ntchito sinathe. Mzere uliwonse wobwerezeka uonedwe ndi munthu wodziwa kaundulayo musanaufufute.