KUTENTHA BUKU SIKULERA MWANA

Ine ndimakonda timabuku ta nthano za zithunzi, tija timati makomiki, ndipo sindibisa. Ndikudziwa kuti makolo ena ndi abambo ansembe ena amakwinya nkhope akationa nato. Nkhawa yawo njomveka. Komabe tisanaweruze, tiyeni timve zomwe zidachitika ku America, kwawo kwa Superman ndi anzake.

M'chaka cha 1938 anyamata awiri a ku Cleveland, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, adagulitsa nthano yawo ya Superman pa mtengo wa madola 130 okha, ndipo idatuluka m'kabuku ka Action Comics. Ana adaikonda zedi, moti ziphona zina zidatsatira: Batman mu 1939, Captain America ndi Wonder Woman mu 1941. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, chidwi pa ziphonazi chidazilala, ndipo osindikiza ambiri adatembenukira ku nthano za zigawenga, mizukwa ndi magazi. Apa mpomwe makolo adadzidzimuka. Mu 1948 ana a sukulu adaunjika timabuku ndi kutitentha poyera m'malo angapo, kuphatikizapo pa sukulu ina ya Chikatolika ku Binghamton.

Mu 1954 dokotala wa matenda a maganizo, Fredric Wertham, adatulutsa buku lotchedwa Seduction of the Innocent, momwe adati timabukuti timasandutsa ana kukhala mbava ndi zigawenga. Chaka chomwecho aphungu a Senate adaitanitsa osindikiza kuti akadziyankhire. Poopa kuti boma likhazikitsa lamulo, osindikizawo adadzipangira okha bungwe la Comics Code Authority. Kabuku kalikonse kamayenera kuunikidwa ndi bungweli kuti kalandire chidindo pachikuto, ndipo ogulitsa ambiri amakana kopanda chidindo. Mizukwa yoyamwa magazi idaletsedwa, kunyoza apolisi ndi oweruza kudaletsedwa, ndipo chabwino chimayenera kupambana choipa nthawi zonse.

Ndikuvomereza kuti zina mwa zithunzi zija sizidali zoyenera mwana. Koma taonani komwe lamulo lobadwa ndi mantha lidakafika. Kampani ya EC idali ndi nthano yotsutsa tsankho, ya munthu woyenda mumlengalenga amene pamapeto pake akuvula chisoti, n'kuoneka kuti ndi wakuda. Mkulu wa bungwe lija, Charles Murphy, adafuna kuti munthuyo asakhale wakuda. Mwini kampani, William Gaines, adakana kwamtuwagalu, ndipo nthanoyo idatuluka osasinthidwa mu 1956. Kenaka boma lenilenilo lidapempha Stan Lee wa ku Marvel kuti alembe nthano yochenjeza achinyamata za mankhwala ozunguza bongo. Iye adailemba mu Spider-Man, koma bungwe lidakana chidindo chifukwa mankhwalawo adatchulidwa! Marvel idasindikiza popanda chidindo mu 1971, ndipo malamulo adafewetsedwa chaka chomwecho.

Kwa ine cholakwa chili poyera. Bungweli limangoyang'ana ngati choipa chaoneka patsamba, osafunsa ngati nthanoyo ikuchitama kapena ikuchidzudzula. Tikadati tiunike choncho Buku Loyera, kodi nkhani ya Kaini ndi Abele ikadapulumuka? Chinanso, mu 2012 katswiri wina, Carol Tilley, atafufuza mapepala a Wertham, adapeza kuti iye adapotoza umboni wina wa ana omwe adawafunsa. Apo n'kuti bungwe lija litafa kale mu 2011, osindikiza onse atalithawa.

Choncho pempho langa kwa inu makolo ndi abambo athu ndi ili: mukandipeza ndi kabuku kotere, musangokalanda. Kawerengeni kaye, kenaka mundifunse chomwe ndatolamo. Ngati nkoipa, mundiuze chifukwa chake, ndipo mawa ndidzatha kuzindikira kena koipa inu kulibe. Paja akulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Nafenso anzanga tisachite liuma, timvere tikalangizidwa.